Kuyambitsa magazini ya ndakatulo pa intaneti

Mwafunsa kuti inu ndi anzanu a ku yunivesite ya Chanco mungayambe bwanji magazini ya ndakatulo, nthano ndi zojambula ya pa intaneti muli konkuno ku Zomba.

Choyamba gwirizanani kuti izituluka kangati. Ine ndingati kamodzi pa miyezi itatu, chifukwa ya mwezi ndi mwezi imafa mayeso akangoyandikira. Kenako tsegulani tsamba laulere pa WordPress ndi imelo imodzi yolandirira zolemba. Osagwiritsa ntchito WhatsApp ya mkonzi, ndakatulo zimasochera pakati pa mauthenga a maliro ndi a zinkhoswe.

Lengezani pa Facebook tsiku lotsekera, kutalika kwa nkhani ndi zilankhulo zomwe mukulandira. Chiyao musachisiye, kuno n'kwawo.

Ntchito yeniyeni ili posankha. Fufutani mayina a alembi, cholemba chilichonse achione anthu awiri, apo ayi mudzangodzaza anzanu ogona nawo ku Chikanda, komwe kumakhala ophunzira ambiri. Mukakonza mawu, mubwezereni mwiniwake avomereze, ndipo alembe kuti walola kuti mutulutse. Umwini ukhalabe wake. Zikakusokonezani kafunseni ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa zolemba ndi zaluso.

Potulutsa chepetsani zithunzi, fayilo ya PDF ya magaziniyo isapitirire 2MB. Bandulo ndi yodula.