Mmene ndinayeretsera kapu yakale ya ku Worcester

Kapu ya tiyi ya kampani ya Flight, Barr & Barr, kampani imene inkapanga ziwiya zadongo mumzinda wa Worcester ku England kuyambira 1813 mpaka 1840, inathimbirira mkati chifukwa tiyi analowerera m'timing'alu ta utoto wonyezimira wokutira dongo. Sindinayerekeze kuikwecha kapena kuithira blichi, popeza chizindikiro cha banja chojambulidwa kunja kwake, pamodzi ndi golide wa m'mphepete, anachita kuzipaka pamwamba pa utotowo n'kuziwotcha pa moto wocheperako, motero sizichedwa kufufutika.

Ndinanyowetsa thonje ndi mankhwala amadzimadzi oyeretsera otchedwa hydrogen peroxide, a mphamvu ya 3 peresenti, n'kuliyala mkati mokha osakhudza golideyo, kenaka ndinavindikira kapuyo ndi pulasitiki kuti thonjelo lisaume msanga. Likada ndinkaikamo lina. Kuthimbirirako kutazilala ndinaitsuka ndi madzi ofunda, chifukwa madzi owira amakulitsa timing'aluto.