Kuonera mbalame ku Likoma pa tchuthi

Ku Likoma mumafika pa Ilala kuchokera ku Nkhata Bay, ndipo ine ndimati tengani magalasi oonera patali ngakhale obwereka. Foni yokha siyikwanira, mbalame imangooneka ngati kadontho.

Dzukani kusanache, cha m'ma 5 koloko, mupite kugombe komwe asodzi akutsitsa usipa. Pamenepo akakowa amayendayenda osaopa munthu. Khalani pamwala dzuwa likhale kumsana kwanu, apo ayi muziona zithunzithunzi zakuda basi. Nkhwazi mumayamba kuimva musanaione. Ikalira, yang'anani pamwamba pa mitengo italiitali ya m'mbali mwa nyanja: mutu ndi chifuwa zoyera mbee, ndipo kawirikawiri zimakhala ziwiri. Musayandikire, dikirani itsike yokha kudzatola nsomba ndi zikhadabo. Nantchengwa naye amapezeka m'madzi osaya, akusaka achule.

Valani zovala zosawala. Malaya ofiira aja asiyeni m'chikwama, mudzavale popita ku tchalitchi cha St Peter's.

Masana kumatentha, mbalame zimabisala, inunso kapumeni pansi pa mlambe. Miyezi yabwino ndi Novembala mpaka Epulo, pamene mbalame zothawa chisanu ku Ulaya zimakhala kuno, koma konzekerani mvula ndi udzudzu.