Momwe mungakonzekere kusaka nkhukundembo zakutchire ku Indiana nyengo yozizira ikamatha

M'boma la Indiana ku America, nyengo yosaka nkhukundembo zakutchire imayamba chakumapeto kwa Epulo n'kutha chapakati pa Meyi, ndipo mlenje aliyense amaloledwa kupha mbalame imodzi yokha, yomwe iyenera kukhala yamphongo kapena yandevu pachifuwa. Ntchito yeniyeni imayamba mu Febuluwale, chifukwa mbalamezi zimasintha kwambiri khalidwe pakati pa miyezi imeneyi, ndipo amene sakudziwa kusinthaku amakadikira pamalo pomwe zinachokapo kale.

Choyamba konzani mapepala. Mufunika chiphaso chosakira nkhukundembo m'nyengoyi pamodzi ndi sitampa ya malo okhala mbalame zosakidwa, ndipo ngati munabadwa chaka cha 1986 chitatha, lamulo likufuna kuti mukhale mutachita maphunziro a ulenje. Ngati munda si wanu, kapempheni mwini wake pamaso. Chenjerani ndi anthu a pa intaneti amene amalandira ndalama n'kumalonjeza malo osakira omwe si awo, pakuti wogwidwa m'munda wa eni mudzakhala inuyo.

Chachiwiri, pitani kutchire kukadali kozizira. M'nyengoyi nkhukundembo zimayenda m'magulu akuluakulu, zazikazi ndi ana awo paokha, atambala akuluakulu paokhanso, ndipo zimakhazikika pomwe pali chakudya: pansi pa mitengo ya oak pomwe zimapalasa mbewu zake, kapena m'minda yokololedwa momwe munatsalira chimanga. Chipale chofewa chikakhala chakuya kwa masabata angapo zimaonda, koma chaka chomwe mitengo ya oak inabereka bwino, tambala amafika mu Malichi ali ndi mafuta ochuluka pachifuwa. Mafuta amenewo ndiwo amamusunga m'nyengo yokwerana, chifukwa pa nthawiyo amadya pang'ono, tsiku lonse amangokhalira kudzionetsa kwa zazikazi.

Chachitatu ndicho chofunika kuposa zonse, ndipo ine ndi pamene zinandisokonekera. Ndinaona gulu lalikulu m'munda wa chimanga mu Febuluwale, ndinakonza pobisalira pomwepo, koma tsiku lotsegulira kusaka munda unali zii. Masiku akamatalika mu Malichi, magulu aja amabalalika. Atambala amamenyana kuti adziwike wamkulu, ndipo zazikazi zimachoka kukafuna malo a udzu wautali ndi zitsamba zowirira m'mphepete mwa nkhalango, poti zimaikira mazira pansi. Nthawi zina zimayenda makilomita angapo, atambala n'kumazitsatira. Choncho zomwe munaona mu Febuluwale zikungokuuzani kuti m'deralo muli mbalame, sizikukuuzani pokhala. Bwererani kutatsala sabata imodzi kapena ziwiri kuti kusaka kutsegulidwe, mufike kusanache, muime pamtunda ndipo mumvetsere. Nkhukundembo zimagona m'mitengo, ndipo tambala amalira akadali m'mwamba, makamaka akamva kadzidzi kapena khwangwala. Zikatsika ndi kupita, kaoneni pansi. Zitosi za tambala zimakhala zazitali ndi zopindika ngati chilembo cha J, pomwe za yaikazi zimakhala zozungulira. Mizere iwiri yokandika m'dothi ndi pomwe tambala anakoka nsonga za mapiko akudzitukumula, ndipo malo otere ndi amene amabwererako m'mawa uliwonse. Musaziitane potsanzira kulira kwa nkhukundembo pa maulendo oyenderawa, chifukwa mukhala mukuziphunzitsa kuti mawu anu ndi abodza.

Pa nkhani ya zida, mfuti yomwaza zipolopolo ya geji 12 kapena 20 (geji ndi muyeso wa kukula kwa kamwa ya mfuti) ndi yokwanira, koma muiyese kaye papepala kuti muone momwe zipolopolo zikumwazikira. Choitanira cha kabokosi kathabwa n'chotsika mtengo ndipo wongoyamba kumene amachiphunzira msanga, kotero simukufunika kuwononga ndalama pa zodula. Wina akakutsatsani choitanira chamagetsi chojambulidwa mawu, kanani, chifukwa lamulo la ku Indiana silichilola, monganso sililola kuthira chimanga ngati nyambo. Musavale chilichonse chofiira, choyera kapena chabuluu. Imeneyi ndi mitundu ya mutu wa tambala, ndipo mlenje mnzanu akhoza kukuwomberani.

Tsiku losaka, khalani pansi motsamira mtengo waukulu kuposa mapewa anu, pamtunda wa mamita pafupifupi 100 kuchokera pomwe tambala wagona, ndipo muitane motsitsa, mwa apo ndi apo. Akayankha koma osabwera, ndiye kuti ali ndi zazikazi. Musachoke. Yaikazi imaikira dzira limodzi patsiku mpaka atakwana 10 kapena 12, ndipo dzuwa likakwera imamusiya tambala kupita kuchisa, choncho chakumasana iye amakhala yekha ndipo amabwera mosavuta. Zazikazi zikayamba kukhalira mazira, zomwe zimatenga masiku pafupifupi 28, mwayi wanu umakula.

Onetsetsani ndevu musanawombere. Tambala wa chaka chimodzi amakhala ndi ndevu zazifupi ndipo nthenga zapakati pa mchira wake zimatalika kuposa zinzake. Lamulo limalola kumupha, koma ine ndimamusiya akule. Lunjikani pakhosi, musapitirire mamita 35, kenako mulembetse mbalameyo ku boma pasanathe maola 48.