Mmene mungamvetsere mkangano wa Obamacare, tsankho ndi wailesi ya NPR osapusitsidwa

Ngati mumatsatira ndale za ku America, kapena mukukhala konko ndipo pa lanchi anzanu akuntchito ayambitsa za inshulansi ya zaumoyo, mkangano uwu munaumvapo. Wina akuti onse amene anakana Obamacare, lamulo la inshulansi ya zaumoyo lomwe Pulezidenti Barack Obama anabweretsa, anakana chifukwa Obama ndi wakuda basi, palibenso china. Wina akupsa mtima nkumati limenelo ndi bodza la NPR, wailesi ya anthu onse ya ku America, anthu amenewo ndi a Democrat, chipani cha Obama, ongobisala kuseri kwa maikolofoni. Nde inu muli pakati, onse akuyankhula motsimikiza ngati anali pomwepo. Ndikuuzani mmene ine ndimaisanthulira nkhaniyi, ndipo njira yake imagwira ntchito ngakhale pa mikangano ina ya ku America komweko.

Poyamba penipeni dziwani madeti, chifukwa anthu ambiri amakangana mokweza asakudziwa kuti chinayamba nchiti. Barack Obama analowa m'boma pa 20 January 2009. Mu August chaka chomwecho aphungu atabwerera kumadera awo kukachititsa misonkhano ndi anthu, kunali phokoso lokhalokha, anthu kukuwa, kuloza aphungu zala. Mwezi womwewo Sarah Palin, wandale wa chipani chotsutsa cha Republican, analemba pa Facebook kuti bilu ya zaumoyoyo ibweretsa makomiti a imfa oti azigamula kuti ndani akuyenera kuthandizidwa kuchipatala, chinthu chomwe munalibemo mu biluyo. Pa 9 September Obama akuyankhula pamaso pa aphungu onse, phungu Joe Wilson wa ku South Carolina anakuwa kuti akunama. Patangopita masiku ochepa Jimmy Carter, pulezidenti wakale yemwenso ndi mzungu wa ku Georgia, ananena pa TV kuti mbali yaikulu ya chidani chomwe chikuonekacho ndi chifukwa choti Obama ndi munthu wakuda. Koma chomwe ambiri amaiwala nchoti Obama mwini wake sanaikwere nkhani imeneyo, anachita nthabwala pa pulogalamu ya pa TV ya David Letterman kuti iye anali wakuda kale chisankho chisanachitike. Nyumba ya malamulo ya ku America, Congress, ili ndi zigawo ziwiri, ndipo bilu inadutsa ku Senate pa 24 December 2009 ndi mavoti 60 kwa 39, ku House pa 21 March 2010 ndi 219 kwa 212, palibe wa Republican ngakhale mmodzi anaivotera pa mavoti amenewa, ndipo Obama anasaina pa 23 March.

Mukasunga zimenezo, gawani nkhaniyi patatu, osaisakaniza. Funso loyamba ndi loti kodi panali zifukwa zenizeni zokanira lamuloli. Lachiwiri, kodi mantha kapena mkwiyo wa za mtundu unalowererapo. Lachitatu, kodi wailesi inafotokoza mwachilungamo. Mafunso atatuwa onse akhoza kuyankhidwa kuti eya nthawi imodzi, kapena awiri eya limodzi ayi, nde munthu akakuyankhani funso limodzi ngati wayankha onse atatu dziwani kuti wakuzembetsani.

Pa funso loyamba pali kayeso kosavuta: funsani ngati dandaulo limenelo linalipo Obama asanabwere. Mupeza kuti ambiri analipo kalekale. Harry Truman atapempha inshulansi ya dziko lonse mu 1945, bungwe la madokotala la AMA linalimbana naye nkumati ndi sosholizimu. Bill Clinton ndi mkazi wake Hillary anayesa mu 1993, pofika 1994 pulani yawo inali itafa, ndipo onsewo ndi azungu. Choncho munthu akamati sindifuna boma lindikakamize kugula inshulansi, kapena akuopa misonkho, kapena ali ndi kabizinesi ndipo akuwerengera kuti antchito ake amudyera ndalama zingati, musathamangire kumutcha watsankho, mfundo zimenezo nzakale kuposa Obama. Komanso ena mwa madandaulowo anadzapezeka kuti anali ndi mutu. Obama analonjeza mobwerezabwereza kuti ngati inshulansi yako ukuikonda uisunga, koma mu 2013 anthu ambirimbiri analandira makalata oti mapulani awo athetsedwa, mpaka a PolitiFact, omwe amafufuza ngati zonena za andale zili zoona, analitcha lonjezolo bodza la chaka, anthu omwewo amene mu 2009 anapatsa Palin ulemu womwewo. Webusaiti yolembetsera nayo itatsegulidwa mu October 2013 inkangogwa. Ndiye za kunama, mbali zonse zili ndi mbiri yake.

Koma kayeso komweko kamaluma mbali inayo. Zokakamiza aliyense kukhala ndi inshulansi zinalinso mu lamulo lomwe Mitt Romney wa Republican anasaina mu 2006 ali bwanamkubwa wa chigawo cha Massachusetts, ndipo ganizolo linatulukapo ku Heritage Foundation mu 1989, bungwe la anthu osunga mwambo pa ndale. Nde ngati munthu anali chete Romney akusaina koma anatentheka magazi Obama atabweretsa chofanana nacho, pali china chomwe chinasintha. Mwina ndi chipani chabe, anthu ambiri amangotsata jezi ya timu yawo. Mwina nchifukwa china ndi cha chigawo chimodzi pomwe china ndi cha dziko lonse, imeneyonso ndi mfundo yomveka. Mwina ndi khungu. Apa mpamene pamafunika kafukufuku osati kulosera.

Ndipo kafukufuku alipo, apa ndikhalitsapo pang'ono chifukwa mpomwe anthu amasokonezera kwambiri. Katswiri wa zandale Michael Tesler anatulutsa mu 2012 zomwe anapeza poyerekeza nthawi ya Clinton ndi ya Obama. Anaona kuti maganizo a azungu pa za anthu akuda ankagwirizana kwambiri ndi maganizo awo pa za kusintha zaumoyo mu 2009 kusiyana ndi mmene zinalili mu 1993 ndi 1994. Anachitanso kayeso kochenjera, kufotokozera anthu mfundo zofanana, ena nkuwauza kuti ndi za Clinton, ena nkuwauza kuti ndi za Obama, ndipo dzina la Obama likatchulidwa maganizo a za mtundu ankalemera kwambiri pa yankho la munthu. Zimenezi sizongopeka za pa wailesi. Koma tamverani bwino chomwe kafukufuku ngati ameneyu akunena. Akunena za gulu, kuti mukatenga anthu masauzande muona kapendekeke. Sakukuuzani za mtima wa bambo uja mumagwira naye shifiti imodzi. Paja amati nsomba ikawola imodzi zonse zawola, koma pa nkhani iyi mwambiwo usiyeni kaye, ungakulakwitseni. Komanso dziwani kuti akatswiri okhaokha amakangana za mafunso omwe amayezera mkwiyo wa za mtunduwo, ena amati mafunsowo amakola ndi anthu omwe amangokhulupirira kuti aliyense azidzidalira posatengera khungu. Ndipo kapendekeke kaja kali mbali ziwiri, alipo amene anaikonda biluyo kwambiri chifukwa choti ndi ya Obama.

Chinanso chothandiza ndi kutchera khutu ku mawu omwe munthu wasankha. Akamakamba za mtengo wa inshulansi, za misonkho, za mphamvu za boma, ali pa nkhani ya zaumoyo. Koma aulutsi otchuka osunga mwambo pa ndale Rush Limbaugh ndi Glenn Beck, aliyense pa nthawi yake, anafanizira biluyi ndi chipukuta misozi cha ukapolo, ndipo munthu akafika pamenepo za mtundu wazibweretsa yekha, sanamunamizire wina. Chimodzimodzi zikwangwani zina pa zionetsero zomwe zinajambula Obama ngati sing'anga wa kuthengo. Mantha ake enieni amakhala oti zanga zomwe ndinakhetsera thukuta zitengedwa zipatsidwe kwa anthu ena aja, nde mvetserani kuti anthu ena ajawo akutanthauza ndani. Ndipo za mtundu ndi zachipatala ku America zinalukana kale, Medicare, inshulansi ya boma ya okalamba, itayamba mu 1966 boma la Lyndon Johnson linauza zipatala kuti chosankha odwala potengera khungu sichilandira ndalama, ndipo zipatala zambiri zinasiya tsankho mwachangu chifukwa cha ndalamazo. Lero mwa maboma a zigawo ochepa omwe akanabe kukulitsa Medicaid, thandizo la zachipatala la anthu osauka lomwe Obamacare inafuna kuti lifikire anthu ambiri, khoti lalikulu litagamula mu June 2012 kuti boma lililonse lisankhe lokha, ambiri ndi akummwera monga Texas, Mississippi, Alabama, Georgia ndi Florida. Wina aziti ndi bajeti, wina aziti ndi mbiri, inu ingodziwani mapu ake.

Tsopano za wailesi. Lamulo langa loyamba, osaweruza NPR, kapena wailesi iliyonse, ndi kakilipu ka masekondi 40 komwe wina wakutumizirani pa foni. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Nkhani zambiri za mapulogalamu a NPR a Morning Edition ndi All Things Considered zimaikidwa pa webusaiti yawo ndi mawu ake olembedwa, nde pitani mukawerenge yonse ndi cholembera m'manja. Onani kuti ayankhula ndani ndi ndani, aliyense wapatsidwa mpata wotalika bwanji, ndipo womaliza kuyankhula ndi uti chifukwa mawu omaliza ndi amene amatsala m'mutu. Onani ngati wotsutsa lamuloyo wapatsidwa danga lofotokoza yekha chifukwa chake, kapena angomuika akukuwa pa chionetsero kenako pulofesa wodekha nkubwera kudzatimasulira kuti mtima wake ukuganiza chani. Chimenechi ndiye ine ndimachiona kuti ndi kukondera kwenikweni pamene kwachitika, si bodza ayi, mawu aliwonse akhoza kukhala oona, koma mbali ina ikuyankhula ngati anthu pomwe inayo ikuyezedwa ngati odwala. Onaninso ngati mtolankhani wanena yekha kuti otsutsa ndi atsankho, kapena wanena kuti Carter watero, kapena kafukufuku wapeza zakuti. Zitatuzi nzosiyana kwambiri koma munthu wokwiya amazimva ngati chimodzi. Ndipo chitani zimenezi kwa sabata yathunthu, nkhani imodzi siingakuuzeni khalidwe la wailesi.

Dziwaninso komwe kukayikira kwa anthu kunachokera, si kuti anangolota. Mu October 2010 NPR inachotsa ntchito mtolankhani wake Juan Williams atanena pa kanema wa Fox News kuti amachita mantha akaona anthu ovala zachisilamu mu ndege. Mu March 2011 James O'Keefe anatulutsa vidiyo yojambula mobisa momwe mkulu wosaka ndalama wa NPR, Ron Schiller, ankanena kuti a Tea Party, gulu lomwe linkachita zionetsero zotsutsa mfundo za Obama, ndi atsankho, ndipo mkulu wa wailesi yonse Vivian Schiller anatula pansi udindo, awiriwa mayina angofanana si pachibale. Vidiyoyo inadzapezeka kuti inadulidwadulidwa, komabe mawu aja anawanena, ngakhale kuti iye sanali wa chipinda cholembera nkhani. Kenako mu April 2024 mkonzi wawo wa nthawi yaitali Uri Berliner analemba poyera kuti wailesiyi yataya chikhulupiriro cha anthu ambiri chifukwa yapendekera mbali imodzi, anamuimitsa kaye ntchito kenako anasiya yekha. Anzake ambiri anamutsutsa. Zonsezi zimapweteka kwambiri chifukwa pa NPR panali ndalama za misonkho, kudzera ku Corporation for Public Broadcasting, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1967 kuti lizigawa ndalama za boma ku mawailesi otere, ngakhale kuti gawo lolowa mwachindunji ku NPR linali laling'ono ndipo omwe ankadalira kwambiri ndi mawailesi ang'onoang'ono akumidzi. Mu July 2025 Congress inabweza ndalama zoposa 1 biliyoni ya madola zomwe inali italonjeza kale ku bungwelo.

Koma musaiwale kuti akumanzere, mbali ya ndale yomwe imafuna boma lizichita zambiri, nawo amadandaula za NPR yomweyo. Mu 2009 omwe ankafuna kuti boma lokha lizilipirira aliyense zachipatala ankati manyuzipepala ndi mawailesi akuluakulu akuwatsekera kunja ngati kulibe. Apa mpamene muyenera kudziyeza nokha. Mu kafukufuku yemwe anatuluka mu 1985, akatswiri a ku yunivesite ya Stanford anaonetsa nkhani za pa TV zomwezomwezo, zokhudza kuphedwa kwa anthu ku Beirut mu 1982, kwa okonda Israel ndi kwa okonda Aluya, ndipo gulu lililonse linatuluka likunena kuti nkhanizo zakondera enawo. Kanema mmodzi, madandaulo awiri otsutsana. Nde mukamva nkhani nkupsa mtima, yesani kusinthanitsa mayina m'mutu, muike Bush pomwe pali Obama, muike Fox pomwe pali NPR, muone ngati mkwiyowo ukhalapobe. Ine ndikayesa zimenezi nthawi zina ndimachita manyazi ndekha, sindinama.

Mukafika pokambirana ndi munthu maso ndi maso, musayambe ndi kumufunsa ngati ali watsankho, atseka chitseko pompo ndipo simuphunzira kanthu. Mufunseni kuti ndi gawo liti la lamuloli lomwe sakulifuna. Kodi ndi loletsa makampani kukana munthu chifukwa ali ndi matenda kale? Kodi ndi lolola mwana kukhala pa inshulansi ya makolo mpaka zaka 26? Kapena ndi chindapusa cha osagula inshulansi, chomwe Congress inachitsitsa kufika pa ziro ndi lamulo la misonkho la 2017? Ambiri mupeza kuti ziwiri zoyambazo amazikonda, ndipo mu mafunso a anthu zinkaoneka kuti dzina loti Obamacare limakwiyitsa ambiri kuposa dzina lake lenileni loti Affordable Care Act pomwe ndi chinthu chimodzi. Akakutchulirani gawo lake ndi chifukwa chake, kambiranani pamenepo, muli ndi munthu woti mungaphunzire naye. Akalephera kutchula ngakhale limodzi koma mkwiyo uli pomwepo, musamumalizire chiganizo, ingomufunsani kuti nanga za Romney ku Massachusetts zija anaziona bwanji, kenako khalani chete mumve.