Momwe mungayambire komiki yanu pa intaneti ndi pensulo, bolopeni ndi foni basi

Anthu ambiri odziwa kujambula kuno kwathu luso lawo limathera pa zikwangwani za masaluni ndi mabutchala, kapena pa maganyu a mabungwe ojambula mayi akusamba m'manja ndi sopo. Sizoipa ayi, munthu umayenera kudya, koma nkhani zawozawo zija, za alandilodi ovuta kapena kondakitala wosabweza chenje, zimangothera mu kope osaonedwa ndi munthu. Nde apa tikambirane momwe mungatulutsire komiki yanuyanu yojambula pamanja popanda tabuleti yodula ija, komanso chochita ndalama ikayamba kununkhira kuti musalandidwe chinthu chanu.

1. Munthu mmodzi, malo amodzi

Musayambe ndi chinkhani cha masamba 200 cha mafumu ndi afiti ouluka, mutopa musanafike pa tsamba lachisanu. Sankhani munthu mmodzi kapena awiri ndi malo amene mumawadziwa mpaka fungo lake, kaya ndi pa chigayo, kaya pa siteji ya akabaza, kaya mu ofesi ya boma nthawi ya nkhomaliro. Munthuyo mumujambule kambirimbiri, chakutsogolo, chammbali, atakwiya, akuseka, mpaka dzanja lizolowere, ndipo mumupatse chinthu chimodzi chomuzindikiritsa monga chipewa, mpata wa m'mano kapena jekete lomwe savula ngakhale mu Okutobala. Za kukongola musade nazo nkhawa kwambiri. Randall Munroe wa ku America anayamba komiki yake yotchedwa xkcd mu 2005 pongosikana zojambula za mu kope lake, anthu ake ndi timizere chabe mutu kabwalo, koma mpaka lero ikutulukabe ndipo ikuwerengedwa dziko lonse lapansi chifukwa cha zomwe timizereto timayankhula.

2. Zida

Pepala la A4 la fotokope lija la 80gsm likwanira poyambira, bola osagwiritsa ntchito maka yonenepa chifukwa inki imalowerera mpaka kuseri. Mukapeza lokhuthala la 160gsm kapena 200gsm ndiye bwino kwambiri makamaka ngati mukufuna kudzagulitsa zojambulazo mtsogolo. Pensulo ya HB, labala yofewa, rula, bolopeni yakuda ya Bic. Zolembera za akatswiri ngati Sakura Pigma Micron nzabwino zedi koma chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zinthu zochokera kunja mitengo yake ndi yosayamba, nde musadikire zimenezo. Kachinsinsi kamodzi, sikechi yanu muzijambula ndi pensulo ya buluu wowala pang'ono, poyeretsa pa foni buluuyo amachoka mosavuta ndipo simuvutika kufufuta mpaka pepala kunyuka.

3. Mawu kaye, zithunzi pambuyo

Apa mpamene ambiri amagwa. Munthu amajambula bokosi lonse bwinobwino kenako nkumapanikiza mawu pakakona, ndipo mukudziwa mmene mawu athu a Chichewa amatalikira, mawu amodzi ngati sindinakuuzenitu atha kudya theka la bokosi. Nde lembani kaye zokambirana zonse pa kapepala kena, muziwerenge mokweza, chilichonse chomwe munthu sangayankhule pa msika muchotse. Mukatero gawani pepala mabokosi anayi, loyamba kutionetsa tili kuti, awiri apakati nkhani ikule, lomaliza ligwetse anthu ndi phwete kapena liwasiye kukamwa yasaa. Mawu muwalembe mu bokosi poyambirira penipeni ndi zilembo zikuluzikulu pa mizere ya rula, muwazungulize chibaluni chake, malo otsalawo ndi amene mujambulemo anthu. Woyamba kuyankhula akhale kumanzere, apo ayi owerenga ayamba ndi yankho funso lisanabwere.

Ndipo kumbukirani kuti anthu akawerengera pa kafoni kosweka sikirini ali mu minibasi. Ijambuleni ndi foni muione, ngati mukufunika kukulitsa ndi zala kuti muwerenge ndiye kuti zilembo zachepa.

4. Kulowetsa mu foni

Mukamaliza kudutsitsa inki dikirani iume musanafufute pensulo, bolopeni imapaka. Kenako tulukani pakhonde m'mawa kapena chakumadzulo, pamthunzi pomwe pali kuwala kokwanira, ikani pepala pansi pa thabwa kapena patebulo, foni ikhale pamwamba molunjika osapendekeka, fulashi ayi, ndipo muonetsetse kuti mthunzi wa dzanja lanu sukugwera papepala. Usiku pa babu zimatuluka zachikasu, musayese nkomwe. Ngati muli mtauni pitani pa steshonale akusikanireni, muwauze 300 dpi, zakuda ndi zoyera zokhazokha 600 dpi ndiye zimatuluka zakuthwa.

Pa foni ikani ibisPaint X, ndi yaulere, ndipo mukalowetsa chithunzi imakufunsani ngati mukufuna itenge mizere yokha nkuchotsa pepala, muvomere. Wa kompyuta atenge Krita, nayonso yaulere. Koma pano ndinene maganizo anga, musayeretse mopyola. Mzere wonjenjemera pang'ono, inki yomwe yanenepa pakona, timadontho ta bolopeni, zisiyeni. Chiyambireni mapulogalamu a AI opanga zithunzi ngati Midjourney mu 2022 zithunzi zosalala zili mbwee paliponse ndipo zonse nkhope zake zimafanana, chomwe inu muli nacho chomwe makinawo alibe ndi dzanja lanulo komanso kudziwa mmene mayi wogulitsa mandasi amakhalira pa chidebe chake, mwendo wina kutsogolo, ndalama atamanga pa nsonga ya chitenje.

5. Kuposita

Owerenga Chichewa ambiri ali pa Facebook ndi WhatsApp chifukwa ndi komwe bandulo yotchipa imafika, nde yambirani komweko, tsegulani peji komanso WhatsApp Channel. Pa Instagram bokosi lililonse likhale chithunzi chakechake cha mapikiselo 1080 kwa 1350 kuti anthu azisuntha ndi chala. Ngati mukufuna owerenga akunja pali mawebusayiti a makomiki, Webtoon Canvas ndi Tapas, komwe aliyense amaika zake mwaulere, ku Webtoon chithunzi chimafunika mapikiselo 800 mulifupi ndipo nkhani imawerengedwa chotsika. Dzina lanu mulisaine mkati mwa bokosi, pafupi ndi mwendo wa munthu kapena pa khoma la nyumba, osati kumphepete, chifukwa anthu a m'magulupu amadula mphepete nkumasheya ngati ajambula okha.

Musanaposite yoyamba khalani ndi zisanu ndi imodzi zomalizamaliza mu foni. Maliro agwa, magetsi azima, malungo akugwirani, koma komiki izitulukabe tsiku lake. Kamodzi pa sabata nkokwanira. Facebook imakonda munthu woposita tsiku ndi tsiku ndipo mukaona malayiki atsika mtima umafuna kuthamanga, koma dzanja si pulinta, mukalikakamiza muyamba kujambula zosakoma, nthabwala zobwereka kwa ena, kenako kudana nayo ntchito yomwe munaiyamba mwachikondi.

6. Ndalama ya kwa owerenga

Ojambula akunja ambiri amadalira Patreon, yomwe inayamba mu 2013, pomwe owerenga amalipira kangachepe mwezi ndi mwezi. Imafuna khadi la ku banki kapena njira zina zolipirira zakunja, nde kwa ife ingathandize makamaka kwa abale ali ku Johannesburg kapena ku UK. Kuno ikani nambala ya Airtel Money ndi TNM Mpamba pansi pa positi, osachita manyazi, ena amaponya ya bandulo. Ubwino wina wojambula pamanja ndi woti pepala lenilenilo ndi katundu, mutha kuligulitsa kwa munthu akaliike mu fulemu, wa tabuleti alibe chimenecho. Choncho lembani deti kuseri kwa pepala lililonse nkulisunga mu fayilo ya pulasitiki kutali ndi chinyezi. Zikakwana zingapo pangani kabuku, mapepala a A4 opinda pakati kukhala A5 nkumenya sitepulo, masamba ake azikhala ogawika ndi 4, monga 16 kapena 24. Yambani ndi makope ochepa a fotokope, akatha mupangenso, osakatenga ngongole ya banki mkhonde kusindikiza chimulu.

7. Akabwera a kampani kapena a bungwe

Komiki ikangotchuka abwera ndithu, ndipo apa ndi pofunika mutu. Ena ayamba ndi zoti tilibe bajeti koma tikutchukitsani, amenewo athokozeni mwaulemu muzipita. Ena ali ndi ndalama zenizeni koma akufuna munthu wanu uja wa jekete azitsatsa katundu wawo, kapena nthawi ya kampeni avale makaka a chipani. Ganizani kawiri, chifukwa owerenga amamukonda poti amanena zomwe iwo akuganiza, akangoyamba kuyankhula ngati wotsatsa malonda pa wailesi amuthawa. Njira yabwino ndi kuwapangira anthu ena atsopano a ganyuyo, wanuyo akhale pambali.

Mukavomera kuti amugwiritse ntchito, mubwereketseni, osamugulitsa. Lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza zojambula, ndipo umwini umayamba pomwe mwajambula, koma mukasaina pepala lonena kuti mwapereka umwini wonse ndiye kuti ngakhale inuyo simungamujambulenso popanda chilolezo chawo. Nde kontirakiti muiwerenge mpaka tizilembo tating'ono, ngati pena sipakumveka kafunseni ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa ntchito zaluso, musanasaine. Mulembe momveka kuti azigwiritsa ntchito pati, pa Facebook pokha kapena ndi pa zikwangwani zamumsewu zomwe, kwa miyezi ingati, ndipo kukonza ndi kangati, kawiri nkokwanira, kachitatu alipirenso, apo ayi muzingosintha mtundu wa malaya mwezi wathunthu chifukwa abwana ena sanaone. Theka la ndalama lilowe musanagwire pensulo. Akakuuzani kuti mwadulitsa, AI itha kuwapangira mwaulere, musatsitse mtengo mwamantha, atumizireni kavidiyo ka dzanja lanu likujambula ndi makomenti a owerenga anu asankhe okha. Potumiza ntchito yoti aione tumizani kachithunzi kakang'ono kolembedwa dzina lanu pakati, fayilo yaikulu ya 300 dpi ipite ndalama yotsalayo ikalowa, ndipo pa WhatsApp muitumize ngati dokyumenti kuti isafinyidwe.