Mmene ndinakonzera vuto la maoda oiwalika

Ndili ndi ADHD, vuto lomwe limachititsa munthu kuvutika kukhazikika ndi kuika maganizo pa chinthu chimodzi. Phokoso la mu ofesi ndi kukhala pampando tsiku lonse zinkanditha mphamvu, koma manja anga akagwira mlaza, mutu umakhala m'malo. N'chifukwa chake ndinayamba bizinesi ya mikeka ndi malichero ansungwi pamodzi ndi amayi oluka a kwathu. Ndimawalipira akangomaliza kuluka, katundu asanagulidwe, chifukwa thukuta lawo siliyenera kudikira kasitomala.

Vuto linali maoda. Kwa ine, chinthu chikachoka pamaso chachokanso m'mutu, ndipo maoda ankabwera pa WhatsApp, pafoni, ena pamsika. Ena ankangosowa, amayi aja n'kukhala opanda ntchito.

Ndinakhoma bolodi pafupi ndi khomo, pomwe ndimadutsa nthawi zonse. Oda iliyonse imalembedwa pakakhadi kake nthawi yomweyo, ndisanayankhe n'komwe: dzina, kukula kwa mkeka, tsiku lotenga. Kakhadiko kamayenda m'magawo atatu: "yabwera", "ikulukidwa", "yatha". Pagawo lapakati sindilola makhadi opitirira atatu, apo ayi ndimayamba zonse osamaliza chilichonse. Pa WhatsApp Business ndinaikanso malebo a mayina omwewo, ndipo alamu ya 4 koloko madzulo imandikumbutsa kufananiza ziwirizi.