Phala la ana pa sukulu ya parishi: mmene timagawanira ntchito kuti moto usazime

Ndakhala m'komiti ya phala pa sukulu ya pulayimale ya parishi yathu kuno ku Blantyre kwa zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo mwana wanga womaliza ali Sitandade 7 tsopano. Mwezi watha amayi awiri a ku sukulu yoyandikana nafe, amene angowasankha kumene m'komiti yawo, anandipeza pakhonde n'kundifunsa kuti, "Mayi, inu mumatani kuti phala lisamadumphe tsiku?" Zimene ndinawauza ndi zimene ndikulemba panozi.

Ufa sutivuta. Likuni phala, wa chimanga ndi soya wothira mavitamini uja, timalandira ku bungwe la Mary's Meals, lomwe linayamba kudyetsa ana a sukulu konkuno ku Malawi mu 2002. Koma manja, madzi ndi nkhuni pa sukulu yathu ndi za ife makolo. Choncho nkhani yagona pa anthu: adzuke m'mbandakucha ndani, tsiku liti, nanga akalephera amulowere ndani.

Yambani ndi ndandanda wa ophika, ndipo musabwereze zimene tinalakwitsa ife. Chaka choyamba tinangosenzetsa ntchitoyi Amayi a Chikatolika ndi a Lejiyo ya Maria, poti ndi amene amapezeka pa tchalitchi nthawi zonse ndipo sadziwa kukana. Teremu isanathe anali atatheratu. Mayi wina wachikulire, amene analibe n'komwe mdzukulu pa sukulupo, anadwala chifuwa chifukwa cha utsi wa tsiku ndi tsiku. Zinandipweteka kwambiri, chifukwa makolo enieni a ana ambiri anali asanagwirepo mthiko ngakhale kamodzi.

Pano timayendera miphakati, timagulu ta Akatolika okhala dera limodzi tija. Mphakati uliwonse umadziwa makomo a m'dera lake, ndiye timatenga maina a ana m'kaundula wa sukulu n'kuwagawa potengera kumene amakhala. Apa samalani: sukuluyo ndi ya mpingo wa Katolika, koma ana ake si Akatolika okhaokha. Muli ana a CCAP, Asilamu, a Seventh Day, a mipingo ya Pentekoste. Mphakati ungokuthandizani kudula malire a dera. Poyenda m'makomo, wapampando wa mphakati apite limodzi ndi mfumu ya m'deralo kapena nthumwi yake, kuti kholo lisaganize kuti mwabwera kudzalikopera ku tchalitchi. Mmodzi mwa ophika athu odalirika kwambiri ndi mayi wachisilamu, ndipo ndi amene anatiphunzitsa kusunga makala a dzulo pansi pa phulusa kuti m'mawa tisavutike kukoleza.

Gulu lililonse liziphika tsiku limodzi pa masabata awiri, osati sabata yathunthu. Mayi wopikula tomato ku msika wa Limbe akhoza kutaya m'mawa umodzi, koma akataya m'mawa usanu wotsatizana mpamba wonse wapita, ndipo ulendo wina sadzabweranso. Abambo nawonso alembeni. Ambiri amachita manyazi kuvundula phala, zilibe kanthu: awaze nkhuni, agubuduze migolo ya madzi, anyamule mapoto otentha kupita nawo pamzere.

Misonkhano ya makolo musaiike Loweruka, chifukwa a Sabata sabwera, kapena Lachisanu masana pamene Asilamu ali ku mzikiti. Ife timakumana Lachitatu ana akaweruka. Uthenga udutse njira zitatu: pa zilengezo za Misa ya Lamulungu, pa gulu la WhatsApp, ndi pa kapepala kopatsira ana. Kapepalako musakaderere, si kholo lililonse lili ndi foni ya intaneti.

Chimene chimasokoneza ndandanda kuposa china chilichonse ndi maliro. Zovuta zikagwa m'dera, mphakati wonse umakhala kusiwa, ndipo simungauze munthu kuti asiye maliro akaphike phala. Khalani ndi amayi anayi kapena asanu okhala pafupi ndi sukulu amene avomera kuitanidwa mwadzidzidzi, ndipo tsiku limene aphikalo lizichotsedwa pa masiku awo. Mukapanda kuwachotsera, mwabwereranso pa vuto la amayi a Lejiyo lija.

Tsopano za m'mawa weniweniwo. Ophika afike cha m'ma 4 koloko, ndipo aziyenda awiriawiri kapena atatu chifukwa kumakhala kudakali mdima. Alonda aziwadziwa maina. Madzi akhale otungiratu dzulo lake, migolo yodzaza ndi yovindikira, poti m'tauni muno mpopi ukhoza kuuma tsiku lililonse. Madzi a m'poto akayamba kuwira, sungunulani kaye ufa m'ndowa ya madzi ozizira, kenaka muzithira pang'onopang'ono wina akuvundula. Mukathira ufa wouma m'madzi owira mupeza mibulu yokhayokha, ndipo ana a Sitandade 1 amangolavula. Mthiko uzifika pansi penipeni pa poto. Phala likangopserera, fungo lake limalowa poto yense. Likayamba kukhuthala chepetsani nkhuni, koma musafulumire kuphula: soya amafuna kupsa bwinobwino, apo ayi ana adandaula m'mimba. Mtsogoleri wa gulu alawe poto aliyense asanatuluke m'khitchini.

Ang'onoang'ono a Sitandade 1 ndi 2 ayambe kulandira, akuluakulu pambuyo. Mwana aliyense asambe m'manja ndi sopo pa ndowa ya kampopi asanafike pa poto. Izi tinaziphunzira movutikira: mu Januwale 2023 boma linachedwetsa kutsegulira sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe chifukwa cha kolera. Kuyambira pamenepo wophika amene watsegula m'mimba timamubweza mwaulemu, ndipo alangizi a zaumoyo timawaitana teremu iliyonse adzaone khitchini ndi kutikumbutsa kathiridwe ka klorini. Sungani makapu khumi apadera. Tsiku lililonse pamakhala mwana amene wataya kapu yake, ndipo wotereyo sanena, amangoima kumbuyo kwa kalasi kuyang'ana anzake.

Pali chinthu chimene sukulu za boma sizikumana nacho koma ife chimatikhudza, ndicho kalendala ya mpingo. Teremu ikamayamba, pitani kwa bambo mfumu kapena akatekisiti mukalembe masiku onse a Misa ya ana a sukulu: yotsegulira chaka mu Seputembala, Lachitatu la Phulusa, tsiku la woyera amene ali nkhoswe ya sukulu, ndi yopempherera a Sitandade 8 asanalembe mayeso a MANEB. Ana amene analandira kale Ukaristia woyamba sayenera kudya kanthu kwa ola limodzi asanalandire, ndiye phala lituluke molawirira kwambiri kapena lidikire Misa ithe. Ife timadikira, mapoto ali chivindikire pa makala. Koma ana a mipingo ina, amene salowa nawo Misa, musawadikiritse ndi njala. Apatseni pa nthawi yawo ya masiku onse.

Za nkhuni ndinene mwachidule. Gulani zambiri mu Okutobala mvula isanayambe, muziunjike pansi pa denga, ndipo zina musungire Juni ndi Julaye, pamene chiperoni chimanyowetsa chilichonse. Chizolowezi chouza mwana aliyense kuti abwere ndi kamtengo ine ndimachikana, chifukwa ana amakathyola paliponse. Amene tinaona matope akutsika phiri la Soche nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023 sitifunanso kuona mwana akudula mtengo m'phiri chifukwa cha ife. Makolo asonkhe kangachepe, ndipo pemphani parishi ikupatseni malo m'mphepete mwa bwalo mubzale mitengo yanu.

Chomaliza ndi sitoko, ndipo apa ndi pamene ubale umathera mukapanda kusamala. Teremu ina thumba limodzi linasowa. Panalibe cholembedwa chilichonse, choncho aliyense ankakayikira mnzake, mpaka amayi awiri oimba kwaya imodzi anasiya kupatsana moni. Thumbalo silinapezeke. Kuchokera apo chitseko chili ndi maloko awiri, kiyi wina kwa ahedi, wina kwa wa komiti. Thumba lililonse lotuluka limalembedwa m'buku, ndipo amasayina anthu awiri. Lachisanu lililonse timawerenga otsala pamaso pa gulu la tsikulo. Matumba akhale pa matabwa, osagunda khoma, kuopa chinyezi ndi makoswe, ndipo akale ayambe kutuluka anankafumbwe asanalowe. Ufa usapite kunyumba ya munthu, ngakhale wa m'kapu. Koma wophika amene wadzuka 3 koloko amwe kapu yake ya phala poyera, ndi mwana amene wam'berekayo amwenso. Zimenezo tinagwirizana pa msonkhano ndipo zinalembedwa.

Pa Misa yotsekera teremu timapempha bambo mfumu awerenge maina a magulu onse amene anaphika, a mipingo ina omwe, ndipo amene sanalowe m'tchalitchi ahedi amawathokozanso pabwalo. Tikatero timabwerera kukhitchini kukapala nkhoko m'mapoto, kuwatsuka ndi kuwavundikira, kuwerenga makapu ndi mithiko, n'kumata pachitseko pepala la gulu limene lidzayambe kuphika Lolemba lotsegulira.